Moyo wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje

Achimwene, mwafunsa za moyo wa ku Bondo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene akutumizani kukaphunzitsa. Pitani ndithu, koma mukonzeke.

Madzi si vuto kwenikweni, mitsinje ngati Lichenya imatsika m'phirimo chaka chonse. Madzi omwewo amapukusa makina opangira magetsi a bungwe la MEGA, choncho nyumba zina kumeneko zili ndi magetsi osadalira ESCOM.

Chovuta ndi msewu. Mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera, galimoto zimavutika kukwera, akabaza nawo amakweza mtengo. Munthu akadwala usiku m'midzi yakumtunda, abale amachita kumunyamula. Zimenezi zimandiwawa mtima.

Malo olima ndi ochepa chifukwa minda yaikulu ndi ya tiyi. Ambiri amathyola tiyi ku esiteti, kwinaku akulima nanazi, nthochi, chinangwa ndi nandolo pakamunda kotsetsereka.

Posankha nyumba, pewani m'mphepete mwa mtsinje. Mu 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri, n'kukokolola nyumba zambiri m'bomali. Musaiwalenso bulangete ndi juzi, chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chimazizira kwambiri.