Gemu ya makhadi ya zilankhulo: yankho kwa achemwali amene alendo awo anathawira pa foni

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi, dzina sinditchula, ndizingoti achemwali. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi. Amakonda zilankhulo, nde anaganiza zopanga gemu ya makhadi yoti anthu azisewera pa pate kapena pa Khirisimasi abale akasonkhana, munthu azichoka atatolako kenakake za zilankhulo za padziko lapansi. Analemba kale makhadi pafupifupi 200, lililonse kutsogolo kuli mbendera ndi funso ngati lakuti "zikomo m'Chijapani amati chani?", kumbuyo yankho. Atayesa ndi abale awo, mphwawo wina wa ku yunivesite anangokolola mapoyinti onse, enawo mmodzimmodzi n'kuyamba kudina mafoni. Nde akufunsa kuti alakwitsa pati, aike zilankhulo zingati, komanso apulintitse bwanji osaboola thumba.

Achemwali, ndikuuzeni mosapsatira, chimene mwapangacho ndi mayeso. Funso lililonse lili ndi yankho limodzi, wodziwa wadziwa, wosadziwa angoti kukamwa yasa. Nanga munthu amene sanamvepo Chijapani chibadwire achita nalo chani funso limenelo? Sangaganize, sanganamize mnzake, sangayerekeze n'komwe, ntchito yake ndi kudikira kuti amuuze kuti walephera. Ndipo pa pate palibe amene amabwera kudzaoneka mbuli pamaso pa alamu ake. Padziko pali zilankhulo zoposa 7,000, Papua New Guinea yokha ili nazo zopitirira 800, nde kunena zoona aliyense patebulopo ndi mbuli, mphwanuyonso. Gemu yanu iyenera kumangidwa pa kusadziwako, kuti amene sakudziwa kanthu akhale ndi chochita komanso mwayi wowina.

Njira imene ine ndingayambire ndi ya bodza. Munthu mmodzi atenge khadi, awerenge liwu mokweza, atchule chilankhulo chake, kenako apereke matanthauzo atatu: limodzi loona limene lalembedwa pakhadipo, awiri opeka yekha pompo. Enawo avote. Wolondola poyinti imodzi, koma wogwira khadiyo amalandira poyinti pa munthu aliyense amene wamupusitsa. Mwaona zasintha? Pano agogo odziwa kunama nkhope ili gwa atha kumutibula wa ku yunivesite uja, ndipo ngakhale amene waphonya amaseka chifukwa chimene chamugwetsa ndi bodza la msuweni wake, osati umbuli wake.

Koma kuti zimenezi zikome zimadalira mawu amene mwasankha, apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Musatenge mawu oti munthu alibe pogwira. Tengani amene amakopa khutu la Mmalawi kuti lipite kolakwika, kapena amene amamupatsa mphoto akakhulupirira khutu lake. Mwachitsanzo m'chilankhulo cha ku Georgia, dziko lija lili kumpoto kwa Turkey, "mama" ndi bambo, mayi amati "deda". Tangoganizani khadi limenelo lili m'manja mwa munthu wodziwa kuseweretsa anzake, akuti "mama, ndi mayi, bambo kapena mwana wakhanda?" aliyense athamangira mayi, kenako phokoso, ena mpaka kufuna kuona khadilo ndi maso awo. M'Chiindoneziya liwu lolembedwa "air" ndi madzi, amene anapita kusukulu ndi amene agwe chifukwa Chingerezi chiwanamiza. Kenako muponyemo ena oti khutu likunena zoona: "moto" m'Chiswahili ndi moto womwewu, "mvura" m'Chishona ndi mvula komanso madzi akumwa amene, "sapato" m'Chipwitikizi ndi nsapato, ndipo ndi komwe ife tinalitenga liwulo. Mukasakaniza choncho munthu sadziwa ngati akhulupirire khutu kapena ayi, ndipo kukayika kumeneko ndiye gemuyo. Akamakangana kuti "iyayi, sizingakhale zophweka choncho" dziwani kuti zikuyenda.

Kumbuyo kwa khadi, pansi pa yankho, muike chiganizo chimodzi chokha chofotokoza, chachifupi moti munthu achiwerenge asanapume. Osati ndime yonse ayi. Monga pa khadi la Chimalagasi mungolemba kuti chilankhulo cha ku Madagascar, ngakhale chilumbacho chili pafupi ndi Mozambique, abale ake enieni ali ku Borneo ku Indonesia uko. Basi. Wofuna zambiri akafufuza yekha, ndipo mudzaona wina akutenga foni, ulendo uno pa chifukwa chabwino.

Mtundu wachiwiri wa makhadi ukhale wa maso, wa zilembo. Apa simufunika ngakhale kudziwa katchulidwe. Mumayala makhadi angapo patebulo, lililonse lili ndi liwu limodzi lolembedwa mwa eni ake, Chiarabu, Chikoreya, Chiamuhariki cha ku Ethiopia, Chigiriki, Chihindi, Chirasha, ndiye woitana amati "chimene chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere!" kapena "cha mu Africa muno!" kapena "chimene anachita kuchipanga mfumu!" woyamba kumenya khadi loyenera watenga. La mfumulo ndi Hangul ya ku Korea, imene Mfumu Sejong anaikonza mu 1443 kuti anthu wamba azitha kulemba. Zomenya khadi mothamangazi si nzeru zanga, ku Japan kuli masewera otchedwa karuta, wina amawerenga ndakatulo enawo n'kumalimbirana khadi logwirizana nayo, ndipo ali ndi mipikisano yeniyeni ya zimenezi. Ku Mexico kuli lotería, makhadi 54 a zithunzi, kumene woitana waluso amazungulira ndi mwambi kapena nthabwala m'malo mongotchula chithunzicho. Konseko muona kuti pali munthu wokuwa ndi anthu olimbirana, palibe amene wangokhala kudikira nthawi yake. Ndipo chonde pa makhadi a zilembowa musaiwale za kwathu, zilembo za Mwangwego zimene a Nolence Mwangwego anayamba kukonza mu 1979 n'kuzitulutsa poyera mu 1997. Ndikukutsimikizirani anthu ambiri patebulopo adzalozera ku Asia kkkk.

Wachitatu ndi wa manambala, umenewu ndimaukonda chifukwa umafuna kuganiza osati kuloweza. Khadi liziti: m'chilankhulo china 80 amati "makumi awiri kanayi", ndi chiti? Ndi Chifalansa, quatre-vingts. Anthu aseka kuti koma azungu, kenako wina akumbutse kuti ife 7 timati zisanu ndi ziwiri, mpaka tinatopa nazo tikungoti seveni. Kapena muwapatse manambala a Chiswahili osakaniza, moja, mbili, tatu, nne, tano, sita, saba, awaike mu dongosolo. Asanu oyambawo Mchewa aliyense awatola ndi khutu, akafika pa sita ndi saba mpamene ayime mutu chifukwa amenewo anachokera ku Chiarabu. Munthu waphunzirapo mbiri ya kugombe la Indian Ocean osadziwa kuti akuphunzira.

Za mbendera zija, zichotseni. Ndikudziwa zimakongoletsa khadi koma zimaphunzitsa bodza, lakuti dziko limodzi chilankhulo chimodzi. Chipwitikizi muika mbendera ya Portugal pomwe ochilankhula ambiri ali ku Brazil, anthu oposa 200 miliyoni, osanena za Mozambique ndi Angola? Chiarabu ndi chilankhulo cha boma m'maiko oposa 20. South Africa ili ndi zilankhulo za boma 12, chomaliza kulowa ndi chamanja mu 2023. Ngakhale Chichewa chathuchi chili ku Zambia, ku Tete ndi ku Niassa, ndipo malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka kumeneko. Nde muika mbendera iti? Bola kamapu kakang'ono kokhala ndi kadontho kapena kamthunzi posonyeza chigawo, kapena mungolemba dzina la chilankhulocho momwe eni ake amachitchulira, isiZulu, Kiswahili, Deutsch, zomwe pazokha ndi kaphunziro.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma ndichinena chifukwa magemu a mtundu uwu amagwera pomwepa. Anthu akamwa kamodzi kawiri, "tchula liwu ili la Chitchaina" imasanduka kutsanzira monyoza, kufinya maso, zija timazidziwa. Ndipo ife tomwe timadziwa kuwawa kwake, funsani Msena kapena Mtumbuka amene anasekedwapo kusukulu chifukwa cha kalankhulidwe. Lamulo lolemba pabokosi kuti osanyoza silithandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kupanga gemuyo mwakuti poyinti izibwera ukayandikira katchulidwe koona, osati ukaseketsa anthu. Mwachitsanzo Chimandarini cha ku China chili ndi "ma" anayi osiyana ndi kakwezedwe ka mawu, wina ndi mayi, wina ndi hatchi, wina ndi kukalipira, winayo ndi chomera chopangira zingwe. Muwaimbire pa foni kamodzi, aliyense ayese, gulu livote amene wayandikira. Musanayambe muwakumbutse mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga, kuti ifenso timasiyanitsa mawu ndi kakwezedwe komweko, nde palibe chachilendo choseka. Chimodzimodzi zodina lilime za Chixhosa zija, c, q ndi x, abale a ku Joni akhale majaji.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya mawu omveka. Khadi ndi pepala, silitulutsa mawu, pomwe chilankhulo ndi cha pakamwa. Nde pa khadi lililonse lembani katchulidwe m'malembedwe a Chichewa pansi pa liwu lenilenilo, monga merci, zikomo wa m'Chifalansa, pansi pake "melisi", sizikhala ndendende koma munthu ali ndi poyambira. Kuposa apo, pezani eni chilankhulo akujambulireni ma voice note, muwasunge mufoda imodzi pa foni ndi manambala ofanana ndi a pamakhadi. Si zovuta ngati mmene zikumvekera. Mu Lilongwe ndi Blantyre muli anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda, Ethiopia, amwenye a m'mashopu, anzathu a ku Mozambique, ndipo aliyense ali ndi m'bale ku Joni kapena ku UK amene amagwira ntchito ndi anthu a mitundu ina. Kupempha mwaulemu kuti "mungandinenereko mawu asanu awa" anthu ambiri amasangalala nako. Pa zimene simungapeze munthu pali webusayiti ya Forvo, kumene eni zilankhulo amajambula mawu awo. Mapulogalamu omasulira a pa foni musawakhulupirire okha, mwaona mmene amachiphera Chichewa nthawi zina, nde musaganize kuti zilankhulo zina zazing'ono amazichitira chifundo. Liwu lililonse litsimikizidwe kawiri lisanapite ku pulinta.

Zilankhulo zingati? Ine ndingati 12, makhadi anayi chilichonse, ndi 48, kuphatikiza 6 apadera kukwana 54. Makhadi 200 aja ndi ambiri zedi, munthu amakumana ndi chilankhulo kamodzi n'kuchiiwala, pomwe chikabwera kanayi usiku umodzi amayamba kuchizindikira, "aa ichi ndi Chiteki cha ku Turkey chija". Zinayi zikhale zoyandikana nafe kuti anthu azimva kukoma kolondola, zinayi zikuluzikulu zimene anazimvapo m'mafilimu ndi mu mpira, zinayi zoti sanalotepo. Apadera aja ndi oika tsabola: limodzi la chilankhulo chamanja, funsani anthu osamva akuphunzitseni zizindikiro zenizeni za ku Malawi kuno chifukwa chamanja si chimodzi padziko lonse lapansi, cha ku Britain ndi cha ku America n'zosiyana kutalitali. Lina la Silbo Gomero, kulankhulana ndi likhweru kwa pa chilumba cha La Gomera ku Spain, aliyense ayese kuitana mnzake dzina ndi likhweru. Lina lopanda kanthu, loti amene walitola aphunzitse gulu liwu la kumudzi kwawo, Chiyawo, Chilomwe, Chitonga, Chinkhonde, enawo n'kuvota tanthauzo ngati mwa masiku onse. Limeneli ndi limene lidzakhalitse anthu.

Kupulinta tsopano. Khadi la saizi ya makhadi wamba ndi mamilimita 63 kwa 88, pa A4 imodzi amakwana 9, nde 54 ndi mapepala 6 basi. Koma musathamangire lamineti. Yambani ndi kudula makatoni kapena manila n'kulemba ndi maka, sewerani kangapo ndi magulu osiyana, achinyamata paokha, akuluakulu paokha, muziyang'ana khadi limene likatuluka anthu amangoti zii, limenelo kunja. Mukakhutira mpamene mupite kopulintitsa, ndipo mupite ndi PDF osati fayilo ya Word, apo ayi kompyuta ya pashopu ikasowa zilembo za Chiamuhariki ikupatsani timabokosi tokhatokha. Mafonti a Noto ndi aulere pa intaneti ndipo ali ndi zilembo za mitundu yambiri. Chiarabu muchionetsetse mwapadera, mapulogalamu ena amachitembenuza n'kulekanitsa zilembo zimene zimayenera kulumikizana, inu osadziwa kanthu mpaka wina wa ku madrasa adzakusekeni. Pepala likhale lolimba lakuti yankho lisamaonekere kuseri, apo ayi gemu ya bodza ija yatha isanayambe.

Chomaliza, m'mabanja ena akangoona makhadi m'manja amati njuga, makamaka akuluakulu a kutchalitchi ndi kumzikiti. Musaikepo zizindikiro za makhadi a njuga zija, mapoyinti muziwerengera ndi nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, ndipo ulendo woyamba khadi la "mama" la ku Georgia lija mulipereke kwa munthu wamkulu kwambiri pagulupo kuti ndiye ayambe kunamiza ana.