Yankho kwa achimwene a ku Nchalo ofuna kugula NAS

Achimwene ena a ku Nchalo, ojambula zithunzi m'maukwati ndi m'zinkhoswe, anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti laputopu yawo yadzaza, ma memori khadi angoti mbwee m'kabati, ndipo foni ya mayi a kunyumba nayo ikukana kulandira zithunzi za ana. Amva za chipangizo chotchedwa NAS, ndiye akufunsa kuti agule chotani.

Zikomo achimwene pofunsa. NAS ndi kabokosi kolowetsamo ma hard drive (zipangizo zosungiramo zithunzi ndi mafayilo), komwe mumakalumikiza ku rauta ndi chingwe. Mafoni ndi makompyuta onse a pakhomo amasunga ndi kutenga zinthu m'menemo kudzera pa WiFi ya m'nyumba, bandulo osakhudzidwa ngakhale pang'ono.

Pa za mtundu sindichulutsa gaga m'diwa. Odziwika ndi Synology ndi QNAP, ndipo kwa munthu woyamba kumene ine ndimakonda Synology poti pulogalamu yake savuta kuitsatira. Tengani kolowa ma hard drive awiri, muwaike pa RAID 1. Apa chilichonse chimalembedwa pa onse awiri nthawi imodzi, moti imodzi ikafa inzake imatsala ndi zonse. Dziwani tsono kuti mukagula awiri a 4TB, malo anu ndi 4TB basi, osati 8TB. Funsani ma hard drive a WD Red Plus kapena Seagate IronWolf, omwe anawapangira kugwira ntchito usana ndi usiku. Mawu oti Plus'wo muwaonetsetse papaketi, chifukwa mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena ndi a mtundu wa SMR, womwe umachedwa kwambiri pokopera zinthu ku hard drive yatsopano ina ikafa.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa ine si dzina la kabokosiko, ndi kuno komwe tikukhala. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata masana munthu umachita kusowa pokhala. Hard drive ikamazungulira imatentha kuposa chipinda chomwe ilimo. NAS yanga ndinkaisunga m'kabati, tsiku lina nditaigwira pamwamba ndinachotsa dzanja msangamsanga, kafani kake kakulira ngati njuchi. Ikani yanu pa shelefu yam'mwamba, m'chipinda chozizirirapo, kumbuyo kwake kukhale mpata wopita mphepo. Kwanuko kulinso fumbi ndi phulusa louluka akamaotcha nzimbe, choncho muzipukuta timabowo take pafupipafupi. Mungathenso kuiuza kuti izizima yokha masana n'kuyaka madzulo.

Magetsi nawo mukuwadziwa. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yaitali. Magetsi akazima hard drive ili mkati molemba, zinthu zimatha kuonongeka. Gulani UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi kwa kanthawi akathima, yokhala ndi chingwe cha USB, kuti batire ikayamba kutha iziuza NAS kuti izime mwadongosolo. Mwamwayi kabokosi ka ma hard drive awiri sikadya magetsi ambiri, mawati 15 mpaka 20 pamenepo, ndiye ngati muli ndi sola yodalirika ikwanitsa.

Tsopano ndimvetseni bwino pa mfundo iyi. Ma hard drive awiri aja ali m'bokosi limodzi, m'nyumba imodzi. Ife a m'chigwa cha Shire tinaona madzi mu Januwale 2015, tinawaonanso ndi Idai mu 2019, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi akalowa m'nyumba amatenga onse awiri pamodzi, chimodzimodzinso mphenzi kapena wakuba. Mwana akafufuta chikwatu cha zithunzi mwangozi, chimafufutikanso pa onse awiri. Zithunzi za ukwati wa eni ake simungazijambulenso, ndipo ndi dzina lanu lomwe lingaipe m'mudzi.

Ndiye gulani hard drive ina yaing'ono yonyamula m'manja. Kumapeto kwa mwezi muzilumikiza ku USB ya NAS, mukopere zonse, muikulunge m'pepala la pulasitiki n'kuiika m'kachitini. Tsiku lomwe mukukwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre, kaisiyeni kwa m'bale wanu kumtundako. Ine ndili nazo ziwiri zotere, ina ikapita ina imabwerera. Mapepala a malo, ziphaso za ana ndi masatifiketi ndi zopepuka, zimenezo muzijambule n'kuziikanso pa Google Drive, yomwe imapatsa 15GB kwaulere.

Ngati ndalama sizikukwana kugula zonse pakamodzi, yambani ndi hard drive yonyamulayo mwezi uno, mukoperemo za pa laputopu ndi ma memori khadi aja mvula isanayambe. NAS ndi UPS mudzagule tsiku limodzi nyengo ya maukwati ikakupatsani kangachepe.