Funsani Dokotala: Ngozi inachitika kale, bwanji akubanikabe?

Adokotala, amuna anga anachita ngozi ya kombi miyezi itatu yapitayo ndipo anamenyeka pamimba ndi m'nthiti za kumanzere. Atawajambula X-ray anawauza kuti palibe vuto. Koma tsopano akangodya nsima amabanika, phewa la kumanzere limawapweteka, ndipo kulira kwa m'mimba kumamvekera m'chifuwa. Kodi n'chiyani? Ndine mayi wa ku Mbare, mumzinda wa Harare.

Mayi, musazengereze nawo bambowo. Sindinawapime, koma zomwe mwafotokozazi zikundipangitsa kukayikira kuti diaphragm yawo inang'ambika. Umenewu ndi mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo ndi womwe timapumira. Mimba ikapanikizika mwadzidzidzi pangozi, mnofuwu umatha kuphulika. Nthawi zambiri zimachitikira kumanzere, chifukwa kumanja chiwindi chimatchinga.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti bala limeneli limabisala. X-ray ya tsiku la ngozi imatha kuoneka bwinobwino chifukwa ziwalo zimakhala zisanasunthe. Ndipo balali silipola lokha, popeza mnofuwu supumula usana ndi usiku. Pang'onopang'ono chifu kapena matumbo zimakwera kudzera pachibowocho n'kuyamba kupanikiza mapapo, n'chifukwa chake munthu amabanika akakhuta. Ena zimawatulukira patapita zaka.

Pitani nawo kuchipatala chachikulu, monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, mutanyamula X-ray yakale ija. Chonde mukafotokoze za ngoziyo ngakhale asanakufunseni, chifukwa chifu chodzaza mpweya m'chifuwa chimaoneka ngati mapapo amene aphwa, pomwe chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Dokotala akamvetsera pachifuwa, n'kujambulanso. Nthawi zina timalowetsa kapaipi kudzera m'mphuno mpaka m'chifu. Kakaoneka pa X-ray katapindikira m'chifuwa, yankho lapezeka. Koma chimene chimaonetsa bwino kwambiri ndi CT scan, kujambula koonetsa m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane. Ndikudziwa kuti imadula, komabe pamatenda awa ndalama yake siipita pachabe. Zikakhala zokayikitsabe, madokotala a opaleshoni amasuzumira m'mimba ndi kakamera.

Mankhwala ake ndi opaleshoni basi: kubwezera ziwalo m'mimba ndi kusoka chibowocho. Pakadali pano adye pang'onopang'ono, asanyamule zolemera. Akayamba kusanza kosalekeza, kumva ululu woopsa, kapena kulephera kuchita chimbudzi ndi kutulutsa mpweya, matumbo akhoza kukhala atakanirira. Pamenepo muthamange nawo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.