Ma variation anga akuti onse akumveka chimodzimodzi, ndichite bwanji?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Namwera, mphunzitsi wa pulayimale amenenso amaimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo. Akuti anapeka kachuni ka ma bar 16 (timagawo tofanana towerengera kugunda kwa nyimbo), nkulemba ma variation 6 (kachuni komweko kobwerezedwa mosinthasintha) a zida zinayi za nsambo, mavayolini awiri, viyola ndi chelo, zonse pa MuseScore, pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo. Atatumiza ku gulu lathu lija la pa WhatsApp la anthu opeka nyimbo, wina anati zonse zikumveka chimodzimodzi, wina anati nambala 5 yasochera siikugwirizana ndi zinzake, ena onse anangoika chala chammwamba basi. Funso lawo nlakuti, amvere ndani, nanga akonze pati?

Achimwene, choyamba ndamvera zonse kawiri, ndipo kachuniko nkabwino, musakataye. Chachiwiri, anthu awiri aja sakutsutsana ayi, akudandaula chinthu chimodzi. Mu variation iliyonse pamafunika china chake chimene khutu lagwiritsa osachitaya, ndiye china nkumasintha. Pa 1 mpaka 4 inuyo mwasunga zonse, chuni ili pa vayolini yoyamba, makodi (manoti olira pamodzi) omwewo, liwiro lomwelo, chelo akungoponda noti imodzi pa bar iliyonse, mwangowonjezera timanoti tothamanga pamwamba. Pa 5 mwataya zonse nthawi imodzi, kiyi yasintha, kugunda kwasintha, ma bar akwana 23, nde womvera alibe pogwira. Muli mbali ziwiri zonsezo koma pakati simunafikepo.

Komatu zapakatizi ife tinakulira nazo, sitikuchita kukaphunzira kwa azungu. Mukakhala pansi kumvera munthu woimba bangwe, dzanja lake limazungulira kanjira kamodzi komweko mwina kwa mphindi khumi, zala zina zikutseka nsambo zoti zisalire, zina zikukwapula, koma simutopa chifukwa ulendo uliwonse pali kena kamene wasuntha, pena wadumpha kugunda kumodzi, pena watsegula nsambo imene inali yotseka, pena wangosiya mawu ake aimbe okha. Woimba kaligo ali ndi nsambo imodzi yokha ndi uta, koma amatsatira mawu a pakamwa pake nkumawapotoza pang'onopang'ono. Mverani ma rekodi a Daniel Kachamba, woimba gitala wa ku Chileka uja, anamwalira mu 1987, mmene chala chachikulu chimasungira besi pamene zinazo zikusewera pamwamba, ungaganize kuti ndi magitala awiri. Kapena banjo ya Allan Namoko. Maziko sagwedezeka, chosewera chili pamwamba, ndipo tsiku lina chimatsikira pansi.

Kumbali ya zida zimene mwasankhazo, pali nyimbo imodzi imene ndikufuna muisake pa YouTube bundle ikalola. Ndi quartet (nyimbo ya zida zinayi ngati zanuzo) ya Joseph Haydn ya mu 1797, Op. 76 nambala 3, gawo lachiwiri. Chuni yake muizindikira chifukwa ndi yomwe pano ili nyimbo ya fuko la Germany. Muli ma variation 4, ndipo chodabwitsa nchakuti chuniyo saisintha nkomwe, amangoipatsira. Koyamba ili ndi vayolini yachiwiri pamene yoyamba ikuizungulira ndi timanoti tofulumira, awiriwiri basi, viyola ndi chelo ali chete. Kenako yapita kwa chelo, kenako kwa viyola, pomaliza yabwerera kwa vayolini yoyamba koma makodi apansi asintha, alemera. Ine nditamva koyamba ndinabwereza kangapo malo a viyola aja, chuni yomweyo koma ikumveka ngati akuimba munthu wamkulu amene waona zambiri. Nde taonani nyimbo yanu, viyola wanu kuyambira bar yoyamba mpaka yomaliza sanapatsidwepo chuni olo kamodzi, akungodzaza kodi ngati alto ya kwaya imene yangouzidwa kuti gwirani "m" mpaka titamaliza. Mpatseni variation yonse. Ndipo kukhala chete kwa chida ndi variation kale, simukukakamizidwa kuti onse anayi azilira nthawi zonse.

Ndikanakhala ine, pa variation iliyonse ndikanalemba pakapepala zinthu ziwiri ndisanagwire kompyuta: chotsala nchiyani, chosintha nchiyani. Mwachitsanzo makodi ndi ma bar 16 atsale, chuni ichoke. Kapena chuni itsale, ipite ku minor, kiyi ija yomveka ngati yachisoni. Kapena zonse zitsale koma uta ugonekedwe, azikoka nsambo ndi chala ngati gitala, ija amati pizzicato. Nambala 5 yanuyo musaifufute, ingoibwezerani ku ma bar 16 ndipo chelo asunge besi ya poyamba ija, muona kuti munthu uja sanenanso zosochera.

Tsopano pali nkhani imene palibe anakuuzani pagulupo, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa zonsezi. Kompyuta imaimba chilichonse chimene mwailembera, ilibe zala, ilibe mkono wotopa. Mu variation 3, bar 9, mwalembera vayolini yachiwiri manoti awiri nthawi imodzi, G wapansi kwambiri ndi B wapamwamba pake pang'ono. Vayolini imachunidwa G, D, A, E, ndipo noti iliyonse yotsika kuposa D uja imapezeka pa nsambo ya G yokha, ndiye manoti awiriwo ali pa nsambo imodzi, palibe munthu angawalize limodzi. Manoti awiri amatheka akakhala pa nsambo ziwiri zoyandikana. B ameneyo mpatseni viyola, yake imayambira pa C, kenako G, D, A, kwa iye nkosavuta. Penanso mwamanga ma bar 4 athunthu pansi pa slur imodzi, ndiko kuti kukoka uta kamodzi osaubweza, pa liwiro lodekha komanso mwalemba kuti zimveke mwamphamvu, uta uli ndi polekezera achimwene, kulira mokweza kumadya uta msanga, ali ngati mpweya wa woimba kwaya, muzimusiyira popumira.

Izi ndikuzinena chifukwa zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinanyamula mapepala anga kukwera minibasi mpaka ku Zomba kukaonana ndi bambo wina amene amaimba vayolini, ndinali nditalemba miyezi itatu. Anangoyang'ana tsamba loyamba, kutenga chida, nkundionetsa malo atatu amene dzanja silingafike. Zinandiwawa, ulendo wonse wobwerera ndinali chete, koma anandiphunzitsanso kuti makiyi a D, G ndi A amalira bwino pa zida zimenezi chifukwa nsambo zosagwira zimayankhira, ndipo ine ndinali nditalemba mu A flat poti ndi mmene kwaya yathu inkaimbira bwino. Kuno ku Mangochi vayolini ndi yosowa, viyola ndi chelo nde osanena, ndikudziwa. Koma gitala ilipo paliponse kuyambira ku boma mpaka ku Monkey Bay, mutha kupempha anzanu anayi aliyense agwire mzere wake, olo aziimba ndi pakamwa pa sol-fa. Mzere umene munthu akulephera kuuimba ndi pakamwa nthawi zambiri umakhala wouma ngakhale pa chida.

Za mayankho a pagulu paja ndili nazo mawu, ndipo apa ndikulankhula kwa tonse kuphatikizapo ine. Chala chammwamba sichithandiza munthu amene wagona mochedwa masabata angapo akulemba, pena magetsi atazima akusunga batire ya laputopu. Komanso kungoti "sizikumveka" nkumusiya munthu mmalere. Tizinena malo, kuti ine chuni ndinaitaya pa bar yakuti, kapena apa ndinayamba kuganiza zina, kapena apa ndinabwereza chifukwa panandikoma. Sukufunika kudziwa harmony kuti unene pomwe khutu lako lagwa, mayi wogulitsa usipa pamsika akhoza kukuuza zimenezo molondola. Mankhwala ake ndi amene muyenera kusamala nawo, munthu akati apa pakuvuta nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma akati konzani mwakutimwakuti ameneyo wayamba kupeka nyimbo yake mkati mwa yanu. Inunso potumiza muzifunsa funso lenileni, monga kodi mu nambala 4 chuni mukuimvabe, ndipo muzitumiza ndi PDF yomwe osati mp3 yokha, kuti wofuna kuloza bar aloze.

Chinanso kakang'ono, dongosolo. Ma variation anu othamanga onse ali motsatizana, wodekha ali kumapeto yekha. Yesani kuika wodekhayo pachinayi, wa pizzicato mukadzalemba abwere pambuyo pake, mumve mmene zikhalire.

Konzani nambala 3 ndi 5 zokha kaye, zinazo musazigwire, munditumizire. Mukatsika ku boma mwezi ukatha mundiuze, ndili ndi anyamata awiri a gitala kuno ndi mtsikana wina wa alto amene amawerenga staff bwinobwino, tikhale pansi pa mtengo madzulo dzuwa litazizira, mzere wa chelo ndigwira ine.