Mloleni mtsikanayo aphunzire coding

Amai a ku Katete, mwafunsa ngati mwana wanu wamkazi wa Giredi 8 angaphunzire coding, ndiko kulemba malangizo oti kompyuta itsatire, popeza achibale akuti ndi za anyamata ndipo pakhomo palibe kompyuta. Mloleni, amai. Kompyuta sifunsa ngati wolembayo wavala chitenje kapena buluku.

Chimene chimabweza atsikana athu m'mbuyo si nzeru, ndi nthawi. Mnyamata akaweruka kusukulu amagwira foni, mtsikana amagwira ndowa ndi mbale mpaka dzuwa kulowa. Mpatseni ola limodzi madzulo, mlongo wake atsukeko mbalezo, sangafe nazo.

Ayambe ndi Scratch, pulogalamu yaulere ya ku yunivesite ya MIT ku America. Mwana amalumikiza timabokosi tamitundumitundu, kamphaka n'kumayenda pa sikirini monga wakauzira. Ikangoikidwa pa kompyuta sifunanso intaneti, choncho kambiranani ndi aphunzitsi a Computer Studies kuti azimulola kulowa mu labu akaweruka. Akazolowera apite ku Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, chomwe angalembe ngakhale pa foni yanu ya Android ndi pulogalamu ya Pydroid 3.

Mumuuzenso za Asikana Network ku Lusaka, bungwe lomwe linayambitsidwa ndi akazi a kuno ku Zambia ndipo limaphunzitsa atsikana za makompyuta. Afufuze tsamba lawo pa Facebook, bandulo yaing'ono ikwanira.