Za Pedersen ndi wailesi yoyendera lawi la magetsi

Achimwene, mwafunsa kuti Pedersen wa ku Denmark anali ndani komanso anachitapo chiyani pa za wailesi. Ameneyu ndi Peder Oluf Pedersen, anabadwa mu 1874 ku Sig pafupi ndi Varde, anamwalira mu 1941. Ambiri samudziwa chifukwa makina amene anagwirapo ntchito amatchedwa ndi dzina la mnzake, Valdemar Poulsen. Poulsen ndiye anali wa luso lotulukira zinthu, Pedersen wa masamu ofotokoza chifukwa chake zikugwira ntchito.

Makinawo ndi arc transmitter ya 1903, chotumizira mauthenga a wailesi. Kale ankatumiza Morse, mauthenga a timadontho ndi timizere, ndi zothetheka za magetsi, mafunde ake oduka-duka, osokoneza mawailesi ena. Arc ndi lawi la magetsi pakati pa nsonga ziwiri, ngati lija la owotcherera zitsulo. William Duddell wa ku England anaonetsa mu 1900 kuti mukalilumikiza ndi koyilo ndi capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) limaimba, koma silinkapitirira maulendo pafupifupi 10,000 pa sekondi. Pa wailesi zinali zochepa.

Poulsen anatsekera lawilo m'bokosi la hydrogen, mpweya umene umachotsa kutentha msangamsanga, kotero lawi limatha kuzima ndi kuyakanso mofulumira. Anaika maginito amphamvu m'mbali kuti azisesa mpweya wotentha pakati pa nsongazo. Nsonga imodzi inali ya kopa yoziziritsidwa ndi madzi, inayo ya kaboni, yozunguzidwa pang'onopang'ono ndi mota kuti isapse mbali imodzi. Zitatere anadutsa 100,000 pa sekondi, mafunde osadukiza. M'malo ambiri sankagula hydrogen ayi, ankangodonthezera sipiriti kapena palafini m'bokosimo, kutenthako n'kutulutsa mpweyawo.

Mavuto analipo ndithu. Palafini ankasiya mwaye wofunika kupukuta kawirikawiri. Kutsegula bokosi likadali lotentha kunali kuputa ngozi, chifukwa hydrogen akakumana ndi mpweya wakunja amaphulika. Vuto lalikulu linali lakuti lawi likayatsidwa limatenga kanthawi kuti likhazikike, ndiye simungalizimitse pa kadontho kalikonse ka Morse. Choncho kiyi yotumizira Morse inkangodumphitsa mizere ingapo ya koyilo, frequency (maulendo aja a pa sekondi) n'kusuntha pang'ono. Wolandira ankatchera frequency imodzi yokha mwa ziwirizo, koma siteshoni inkadya malo awiri. Kolandirira nakonso mafunde osadukiza samveka m'mahedifoni, motero ankaikapo tikker, kachipangizo kowadula mofulumira kuti phokoso limveke.

Cyril Elwell anagula ufulu wa makinawa ku America mu 1909, ndipo siteshoni ya arc ya Lafayette pafupi ndi Bordeaux ku France inafika makilowati 1,000. Mavalavu, timababu ta magetsi topanga mafunde a wailesi, atafala m'ma 1920, arc inatha ntchito.

Pedersen sanathere pomwepo. Anakhala pulofesa ku Polyteknisk Læreanstalt ku Copenhagen mu 1912, mkulu wa sukuluyo kuyambira 1922, ndipo anatembenukira ku kafalidwe ka mafunde mu ionosphere, mbali ya mlengalenga ya kumtunda kwambiri. Mukamva akatswiri akunena Pedersen current, magetsi oyenda m'mlengalenga mmenemo, ndi yemweyu. Institute of Radio Engineers, bungwe la akatswiri a wailesi la ku America, inamupatsa Medal of Honor mu 1930.