Mukulimbana za apongozi, mwana akukwanitsa zaka 18

Azakhali,

Ndine namwino ku Leeds, ku Britain. Chaka chatha ine ndi amuna anga tinalandira chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Tsopano akufuna tiitanitse amayi awo a ku Ntcheu, ndipo ndalama zake ndi zanga za mashifiti a usiku. Ndikakayikira amati ndimadana ndi abale awo, moti sabata ziwiri tsopano sakudya nsima yanga. Apongoziwo ndi amphamvu, amalima okha, koma sitimwerana madzi. Kumudzi ndimathandiza kale ambiri, kuphatikizapo mtsikana amene ndinabereka ndisanakwatiwe, ali Fomu 3 kwa agogo ake ku Dedza, akwanitsa zaka 18 mu Ogasiti. Za iyeyo amuna anga amati tidzaona. Kodi ndivomere za apongozi kuti banja lilimbe?

Wothedwa nzeru, Leeds

Mwana wanga,

Za apongozi tithane nazo msanga. Kuyambira mu 2012, Britain salola kholo kusamukira kwa mwana wake pokhapokha ngati ukalamba kapena matenda afika poti silingathe kudzisambitsa, kuvala kapena kudziphikira, komanso chisamaliro chotero sichingapezeke kwawo ngakhale mutatumiza ndalama. Mayi wopalira yekha chimanga ku Ntcheu adzakanidwa, ndipo mapaundi oposa 3,000 olipira fomuyo sabwezedwa. Abwere kudzacheza ndi viza ya alendo, adzaone zidzukulu, abwerere kukakolola. Amuna akowo asiye anyanyale, ku Leeds sitolo zilipo, njala siwapha.

Chandiwawa ine ndi china. Mwana wobereka wekha wamuponya m'gulu la "ambiri" amene umathandiza, ngati msuweni wopempha yunitsi. Apongozi wawapatsa kalata yonse, iye theka la mzere.

Lamulo limalola kholo lokhazikika kuitanitsa mwana ngati fomu yaperekedwa asanakwanitse zaka 18. Tsikulo likadutsa, kwa a Home Office, ofesi ya boma la Britain yoona za anthu olowa m'dzikolo, ndi munthu wamkulu, khomo latsekeka. Ndiye "tidzaona" ameneyu akuyembekeza chiyani? Kalendala amaidziwa bamboyo. Anakukwatira akudziwa kuti uli ndi mwana, ndipo akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma iwenso sindikusiya. Ndakhala ndikunena, ndipo sindidzatopa: tinazolowera kusiya ana kwa agogo n'kumatumiza ndalama pa Mukuru, kenaka n'kumati tikulera. Kumeneko ndi kulipira. Kwathu ndinaona kamtsikana kakutsegula katundu wochokera kunja, anthu atadzaza pakhonde. Munali nsapato zokongola zedi, koma phazi linangolowa zala zokha. Amayi ake ankakumbukira phazi limene analisiya zaka zinayi kumbuyo. Kanaseka, kanathokoza pafoni mwaulemu ngati kakuyankhula ndi mlendo wa kutchalitchi, nsapatozo n'kupatsa mng'ono wake wa kwa malume. Agogo ndi amalume amalera bwino, sindikuwanyoza, mbumba ndi yawo. Komabe mwana amadziwa amene anamusiya, amawerenganso zaka, ndipo akadzamva kuti mpata womutenga unalipo koma amayi ake anali kalikiliki ndi za apongozi, ulemu adzakupatsa, mtima ayi.

Chodabwitsa n'chakuti azungu a ku ofesiyo amafunsa funso lomwelo. Safuna malisiti a ndalama okha. Amafuna umboni woti udindo wonse wa mwanayo uli pa iwe: sukulu anasankha ndani, aphunzitsi aakulu amaimbira ndani zikavuta, akadwala amalamula ndani za chipatala, bambo ake omubereka ali kuti pa zonsezi. Ukaona kuti mafunsowa akukusowetsa mayankho, usakwiyire lamulo.

Mawa lomwe pita kwa mlangizi wovomerezeka wa za maviza, osati mnyamata wa pa WhatsApp. Kumudzi ayambe za pasipoti, satifiketi ya kubadwa ndi kuyezetsa TB, ndipo pasipoti sachita kutola tsiku limodzi. Sonkhanitsa makalata a kusukulu ndi mauthenga anu onse.

Usanalipire kalikonse, muimbire mwanayo usiku uno, osadzera kwa agogo, umufunse ngati akufuna kubwera. Mwina akufuna kulemba kaye MSCE ndi anzake, mwina wakhala akudikira funsoli kuyambira ali Sitandade 5. Umufunsenso saizi ya nsapato.

Azakhali